Mthenga wa mawa timauwerenga lero

Fanizo la Msamariya wachifundo limapezeka m'buku la Luka mokha. Pa Misa ya Lamulungu limawerengedwa kamodzi pa zaka zitatu, chapakati pa mwezi wa Julaye, nthawi imene kuno ku Zomba chisanu chimatsika m'phiri ndipo ana amapita kutchalitchi manja ali m'khwapa. Tinalimva mu 2025, tidzalimvanso mu 2028. Ndiye werengerani nokha. Mwana amene wayamba kumvetsa zinthu ali ndi zaka 6, n'kudzachoka pakhomo ali ndi zaka 18, m'zaka 12 zimenezi adzalimva kanayi. Lamulungu lina akadzuka ndi malungo, lina kukagwa maliro kumudzi, lina akakhala panja chifukwa m'tchalitchi mwadzaza, ndiye kuti watsala nako kamodzi, ndipo kamodzi kameneko mwina maganizo ake anali ku mpira wamasana.

Sindikunena kuti Mpingo unakonza molakwika. Chisanafike chaka cha 1969, mawu a Lamulungu ankabwerezedwa omwewo chaka ndi chaka, moti mbali yaikulu ya Baibulo sinkamveka m'tchalitchi. Utatha Msonkhano Wachiwiri wa ku Vatican ndi pamene panabwera ndondomeko ya zaka zitatu imene tikutsatayi: Chaka A timayenda ndi Mateyo, Chaka B ndi Marko, Chaka C ndi Luka, ndipo Yohane amamveka kwambiri m'nyengo ya Lenti ndi ya Pasaka. Chaka chake chimayamba Lamulungu loyamba la Adventi, pamene ife tili kalikiliki ndi mbewu ndi feteleza. Ndi ndondomeko yabwino, munthu wosajomba ku Misa amamva zambiri za moyo wa Ambuye. Kungoti mawu akachuluka, ndime iliyonse imabwera patalipatali, pomwe ana akukula tsiku ndi tsiku.

N'chifukwa chake kwathu ku Matawale, Loweruka tikatha kudya nsima yamadzulo, timawerenga Mthenga Wabwino wa mawa lake. Anzanga ena amandifunsa kuti bwanji osachita Lamulungu lenilenilo pochokera ku Misa, mawu akadali otentha. Aliyense wodziwa Lamulungu la Mkatolika akudziwa yankho lake. Amayi ali ku msonkhano wa bungwe lawo, masana kuli mphakati (kagulu ka akhristu oyandikana nyumba), yunifolomu ya Lolemba sinasitidwe, alendo afika. Koma pali chifukwa china chimene ndimachiona chachikulu. Mwana ukamufunsa Misa itatha, amakubwezera zimene anena bambo mfumu, ngati wazigwira n'komwe. Ukamufunsa Misa isanachitike alibe pobisala, amanena zimene iyeyo wamva. Ndipo m'mawa mwake, wansembe akangoyamba kuwerenga, mwana uja amatukula mutu chifukwa nkhaniyo akuidziwa, ali ndi funso lake limene akufuna amve ngati liyankhidwe mu ulaliki. Mlimi amapanga mizere mvula isanagwe, kuti ikabwera madzi apeze pokhala.

Kachitidwe kake si kathu ayi, tinakatenga kumphakati. Ambiri mwa ife tinazolowera njira ija ya masitepe asanu ndi awiri yogawana Mawu, imene inachokera ku Lumko, malo a maphunziro a Mpingo ku South Africa. Ife tinaifupikitsa kuti igwirizane ndi ana. Mafoni onse, yanga yomwe, amapita pa kabati. Timayatsa kandulo kaya magetsi alipo kaya azima. Mwana mmodzi amawerenga, kenako wina amabwereza ndime yomweyo pang'onopang'ono, chifukwa ulendo woyamba khutu limangotsatira nkhani. Tikatero timakhala chete kwa kanthawi. Apa ndiye povuta, wamng'ono amayamba kugwedeza miyendo, wina amafuna kuseka, koma timapirira. Kenako aliyense amatchula mawu amene amukhudza, kuyambira wamng'ono kumalizira wamkulu. Dongosolo limeneli ndi ladala. Bambo akayamba kulankhula, ana onse amangoti, "Ifenso chimodzimodzi." Timatseka ndi mapemphero ochokera mumtima ndi Atate Athu. Zonsezi sizipitirira theka la ola, ndipo tsiku limene anthu atopa timafupikitsa popanda kudziimba mlandu.

Ndikufuna ndikhalepo pang'ono pa Loweruka lina la mwezi wa Seputembala, m'Chaka A, pamene ndime inali ya pa Mateyo 20, ya mwini munda wamphesa amene analemba aganyu. Ena anawatenga m'mamawa, ena dzuwa litakwera, ena masana, ena litapendeka kutatsala ola limodzi, koma polipira onse anawapatsa mofanana. Mtsikana wathu, amene nthawi imeneyo anali mu Sitandade 7, sanadikire n'komwe kuti nthawi yokhala chete ithe.

"Adadi, apa palibe chilungamo. Aja anayamba m'mamawa aja anawabera."

Mchimwene wake anamuyankha kuti panalibe kuba, popeza anagwirizana mtengo asanayambe. Anakanganapo pang'ono, ife tikungomvetsera. Apongozi anga, amene timakhala nawo, anali pamkeka pafupi ndi chitseko. Iwo sadziwa kuwerenga, koma khutu lawo siliphonya kanthu. Anatsokomola n'kunena kuti:

"Inu ana inu, aja analembedwa madzulo aja ine ndikuwadziwa. Chaka cha njala chija cha 2002 ndinayendapo kufuna ganyu. Umachoka m'mamawa khasu lili paphewa, khomo ili akuti talemba kale, khomo ilo akuti tilibe chokupatsani. Wolima uja thukuta likutuluka, koma mtima uli m'malo, akudziwa kuti ana ake madzulo adya. Woyendayenda uja ndi amene watopa kwambiri."

Mtsikana uja anatenganso Baibulo n'kuyang'ana bwino. Anapeza pamene mwini munda akuwafunsa anthu aja chifukwa chimene akhalira tsiku lonse osagwira ntchito, iwo n'kuyankha kuti palibe amene wawalemba. Tinali titawerenga kawiri konse, koma mawu amenewa anatidutsa tonse kupatula agogo. Kenako anatembenukira kwa mayi ake: "Amama, nanga achimwene aja amatilimira kumunda timawapatsa zingati pa ndime?" Mayi ake anatchula mtengo. Mwanayo anafunsanso kuti ndowa ya chimanga ikugulidwa bwanji pamsika. Tinamuuza. Anawerengera pa zala kuti munthu alime ndime zingati kuti apeze ndowa imodzi, ndipo usiku umenewo ana atagona, ine ndi mayi awo tinakambirana za mtengo wa ganyu mpaka mochedwa.

Ichi ndicho chimene ndimafuna makolo anzanga achimve. Pa mphindi zimenezi kholo limakhala pansi pa Mawu limodzi ndi mwana wake. Silikhala mphunzitsi, silikhalanso woweruza. Ndaonapo m'makomo mwina Baibulo likusanduka chikwapu. Kukawerengedwa za mwana wolowerera, maso onse amapita kwa mnyamata amene anabwera mochedwa dzulo. Kukawerengedwa za kukhululuka, mayi akuti, "Wamva iwe? Akunena iweyo." Mwana wokulira m'nyumba yotere amaphunzira chinthu chimodzi, chakuti Yesu nthawi zonse amakhala mbali ya makolo. Tsiku limene adzachoke pakhomo adzasiya malamulo a makolo, ndipo Yesu adzamusiyira kumodzi. Kwathu tinagwirizana kuti pogawana Mawu palibe wonena kuti "iwe". Aliyense amanena za iye mwini. Milandu ya mbale zosatsuka ndi malikisi otsika ili ndi nthawi yake, koma osati kandulo ija ikuyaka. Ndipo mwana akafunsa funso lotikhudza ifeyo, ngati la ganyu lija, timayankha zoona. Akaona kuti Mawu omwewo akugwedezanso bambo ake, amayamba kukhulupirira kuti mwina muli kanthu ndithu.

Abambo anzanga, nkhaniyi ikutikhudza kwambiri ifeyo. Lowani m'tchalitchi chilichonse cha kuno, kaya ku Cathedral kaya ku nthambi ya kumudzi, muone amene adzaza mabenchi. Pitani kumphakati muwerenge amuna. M'mwezi wa kolona, onani amene amasonkhanitsa ana. Tinazolowera kuti zopemphera ndi za amayi, ife zathu ndi kulipira masika ndi kusenza njerwa pa chitukuko. Mnyamata amaona zimenezi. Akafika zaka 14 kapena 15 amayamba kudziyeza ndi bambo ake, ndipo ngati sanawaonepo atatsegula Baibulo, amatsimikiza mumtima kuti kukula ndiko kusiya. Pamene tinkamanga ukwati, wansembe anatifunsa tonse awiri ngati tidzalandira ana ndi kuwalera monga mwa lamulo la Khristu ndi Mpingo wake. Pa ubatizo wa mwana aliyense anatifunsanso ngati tikumvetsa udindo umene tikusenza. Palibe pamene anati funsoli ndi la mkazi yekha. Bambo safunika kudziwa zambiri. Kungokhala pansi, kumvetsera mwana wake wamkazi akuwerenga, n'kunena mosabisa kuti "mawu awa andivuta", n'kokwanira kuti mnyamata aone kuti mwamuna wamkulu amathanso kuima pamaso pa Mulungu wopanda mayankho.

Mpingo wakhala ukunena zimenezi kwa nthawi yaitali. Mu 1964 Msonkhano wa ku Vatican uja unatchula banja kuti ndi mpingo wa m'nyumba, ndi kuti makolo ndiwo oyamba kulalika chikhulupiriro kwa ana awo. Papa Yohane Paulo Wachiwiri, yemwe anadzatiyendera kuno ku Malawi mu 1989, analemba kalata yathunthu yokhudza banja mu 1981. Kuno kwathu maepiskopi a m'chigawo cha kum'mawa kwa Africa, a m'bungwe la AMECEA, anagwirizana mu 1973 kuti moyo wa Mpingo uzikike m'timagulu ting'onoting'ono ta akhristu oyandikana, ndipo Ambuye Patrick Kalilombe a ku Lilongwe anali m'gulu la amene analimbikira kwambiri ganizoli. Ndiyo miphakati tili nayoyi. Mphakati ndimaukonda, ndi umene umatinyamula pa matenda ndi pa maliro. Koma tinene zoona, kumphakati ana salankhula. Amakhala kumbuyo kapena amasewera kuseri kwa nyumba, chifukwa mwambo wathu sulola mwana kutsutsa mawu pamaso pa akulu. Ku Tilitonse, maphunziro a ana a kutchalitchi, ndi ku kalasi ya katekisimu aphunzitsi amagwira ntchito yaikulu, ambiri mongodzipereka, koma munthu mmodzi ali ndi chigulu cha ana sangamve funso la aliyense. Malo okhawo amene mwana angati "apa palibe chilungamo" popanda kuopa kudzudzulidwa ndi pakhomo pa makolo ake.

Loweruka limene sindidzaliiwala ndi la pa 18 Malichi 2023. Sabata imeneyo namondwe wa Freddy anali atangodutsa. Matope anatsika m'phiri la Soche n'kukwirira nyumba ku Chilobwe, ndipo uthenga wochokera ku Phalombe, Mulanje ndi Chiradzulu unali woopsa tsiku lililonse. Kuno mitsinje inasefukira, nyumba za zidina zinagwa, anthu a kufupi ndi nyanja ya Chilwa anathawira m'masukulu ndi m'matchalitchi. Sukulu zinatsekedwa, ana anali pakhomo, ndipo ankamva zonse zimene akulu ankalankhula. Okalamba ankakumbutsana za napolo wa 1946 amene anawononga tauni ino. Ena, m'minibasi ndi pamsika, ankanena poyera kuti ichi ndi chilango, Mulungu wakwiya ndi machimo a anthu a kumeneko.

Mthenga wa Lamulungu lachinayi la Lenti chaka chimenecho unali wa pa Yohane 9, wa munthu amene anabadwa wosaona. Sitinausankhe ife, unali pa ndondomeko kuyambira kale. Magetsi kunalibe. Mwana wathu wachisamba anawerenga pa kuwala kwa kandulo, ndipo atafika pamene ophunzira akufunsa Yesu kuti anachimwa ndani, munthuyu kapena makolo ake, anaima yekha osauzidwa. Anawerenga yankho la Yesu, lakuti sanachimwe iyeyo ngakhale makolo ake, n'kulibwerezanso. Nthawi yogawana itafika, wamng'ono anati iye wamva za thope, kuti Yesu anakanya thope n'kupaka m'maso mwa munthu uja, pamene thope la pa wailesi likupha anthu. Sanafunse kanthu, anangonena zimenezo. Wachisamba ndiye anafunsa.

"Ndiye kuti ana aja anafera ku Chilobwe sanalakwe kanthu?"

Mayi ake anati, "Sanalakwe, mwanangu."

"Nanga bwanji Mulungu sanailetse mvulayo?"

Panalibe amene anayankha msanga. Ine ndinamuuza kuti funso limenelo anthu oyera mtima akhala akulifunsa kuyambira nthawi ya Yobe, ndipo ine sindingalimalize. Chimene ndikuchiona m'ndimeyi n'chakuti ophunzira ankafuna kupeza wolakwa, pamene Yesu anakana kuloza chala, n'kupita kukamugwira munthuyo. Agogo anawonjezera kuti pa maliro wofika ndi nkhuni amathandiza kuposa wofika ndi mafunso. M'mawa mwake, tisanapite ku Misa, ana anatulutsa zovala zawo zina n'kuziika m'thumba la zopereka za mphakati. Sindikunena kuti funso lija linatha. Mnyamatayo alinalobe mpaka lero, ndipo nthawi zina amalibweretsanso. Koma analifunsira m'nyumba, Baibulo lili m'manja mwake, ndipo anaona kuti kufunsa sikunamuchotse pakati pa okhulupirira. Akanapanda kukhala ndi malo amenewa, yankho lokhalo limene akanamva sabata imeneyo ndi la m'minibasi lija.

Si Loweruka lililonse limene limakhala lotero. Ambiri amadutsa mwakachetechete, wina atchula mawu amodzi, wina ayasamula, tipemphera, tikagona. Pali nyengo imene mnyamata wamkulu ankangoti "palibe" ikafika nthawi yake, miyezi ndithu. Tinamusiya, koma mpando wake unalipo ndipo ankakhalapo. Pali ndime zina zolimba, monga za kutha kwa dziko zimene zimabwera mu Novembala chaka cha Mpingo chikamatha, kapena pamene Yesu akunena zoti sanabwere ndi mtendere koma magawano. Zikatikanika timalemba funsolo kuseri kwa kalendala, ndipo mwana amene anafunsa ndi amene amakalipereka kwa akatekisiti kapena kwa bambo mfumu Misa ikatha. Tili ndi mwayi kuno ku Zomba kuti seminale yaikulu ya St Peter's ili pakhomo pomwe, ndipo mafrateri, ophunzira za unsembe, akabwera ku parishi ana amawapanikiza ndi mafunso amene ife atilaka. Ndaona kuti mwana amene wapita yekha kukafunsa saiwala yankho.

M'nyumba zathu zambiri simukhala Akatolika okhaokha. Kwathu kunakhalapo mwana wa mlongo wanga, wa mpingo wa CCAP, amene ankaphunzira sekondale kuno. Sitinamukakamize chizindikiro cha mtanda kapena Tikuoneni Maria, koma pa Mawu ankakhala nafe, ndipo mavesi ankawapeza msanga kuposa tonsefe. Ana athu anaphunzirapo kanthu pa iye. Anzawo ambiri osewera nawo ndi Asilamu, ndipo mafunso ena amene amabwera Loweruka amachokera ku macheza a kumeneko. Ndimakondwa akamabwera nawo kunyumba, chifukwa amaphunzira kufotokoza chimene amakhulupirira popanda kunyoza cha mnzawo.

Ndikudziwa kuti ena anena kuti zonsezi n'zotheka kwa anthu a m'tauni okhala ndi mabuku. Baibulo ndi lodula, n'zoona, ndipo pali makomo ambiri kumene kugula Buku Loyera kungatanthauze kugona ndi njala. Koma ndime ya Lamulungu ndi yaifupi, kawirikawiri mavesi khumi kapena khumi ndi asanu. Mwana wa sukulu angathe kuikopera m'kope kuchokera m'Baibulo la mkulu wa mphakati. Amene ali ndi foni angailandire pa WhatsApp n'kuwerengera a nyumba yoyandikana nayo. Wailesi ya Radio Maria imafika m'makomo ambiri. Kumene kulibe wodziwa kuwerenga bwino, wina amene anamva angafotokoze nkhaniyo pakamwa monga timachitira ndi nthano, ndipo mwaona kale kuti kwathu wotanthauzira wakuya kwambiri ndi munthu amene sanapiteko kusukulu.

Chimene chimasowa kawirikawiri ndi kudziwa kuti ndime ya sabata yamawa ndi iti. Amene ali ndi kalendala ya Chikatolika amaona pamenepo, koma si onse ali nayo. Pempho langa kwa ansembe, akatekisiti ndi akuluakulu a matchalitchi athu ndi laling'ono. Pa zolengeza za Lamulungu timamva za misonkhano, za zopereka, za maukwati ndi za mphakati umene ukusesa sabata ino. Onjezanipo mzere umodzi wonena buku, mutu ndi mavesi a Mthenga Wabwino wa Lamulungu likudzalo, muutchule kawiri kuti anthu alembe, ndipo muulembenso pa bolodi la panja. Atsogoleri a miphakati aubwereze potseka msonkhano. Makolo amene ana awo ali ku sukulu zogonera konko angathe kuwalembera ndime za teremu yonse kuseri kwa kope asananyamuke, monga amachitira mayi a kunyumba kwathu, kuti Loweruka madzulo mwana ali ku hositelo ndi ife tili ku Matawale tiziwerenga ndime imodzi.